Mafani 8 pa ma regulator awiri: lipoti la ntchito ya m'holo yomwe inayamba ndi fungo

Anandiitanira fungo. Za mafani oyenda mwaulesi sanazitchule n'komwe pafoni, zimenezo anali atazizolowera moti sankaziyesanso vuto. Bambo amene amasamalira holoyo atatsegula zitseko m'mamawa anakumana ndi fungo la pulasitiki wopsa, ndipo ataika dzanja pa chivundikiro cha maswichi pakhoma anachipeza chikutentha ngati chakhala padzuwa. Anapita ku bokosi lalikulu, kuzimitsa zonse, n'kundiimbira. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, ndipo mwayi wawo unali womwewo.

Ndikulemba lipotili chifukwa m'bokosi limodzi la pakhoma ndinapezamo zolakwika ziwiri zosiyana. Amene anachita choyamba sanawerenge zolembedwa kumbuyo kwa regulator, chowongolera liwiro la mafani. Amene anachita chachiwiri anawerenga, anawonkhetsa bwinobwino osaphonya nambala, koma analakwitsabe. Wachiwiriyu ndi amene amandidetsa nkhawa, chifukwa ndi mmisiri woti aliyense angamukhulupirire. Ndisabisenso kuti ine mwini ndinataya theka la tsiku pamakwerero ndikufuna vuto komwe kulibe.

Zimene ndinapeza

Holoyo ili ndi mafani a kudenga 8, onse a mtundu umodzi, a mapiko atatu, otambalala mamilimita 1400. Pa mota iliyonse palembedwa 230 V, 50 Hz, 75 W, 0.35 A. Poyamba analipo 6, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, mzere uliwonse uli ndi waya wakewake wotsikira ku bokosi la pakhoma. Patapita nthawi anawonjezera awiri kutsogolo, kumene kumakhala oyankhula, ndipo amene anawapachika anangowalumikiza ku fani yomwe inali pafupi. Choncho mzere wina unatsala ndi mafani 3, wina n'kukhala ndi 5. Waya ndi wa 1.5 mm², breaker (swichi yozima yokha magetsi odutsa akachuluka) ndi ya 10 A ya mtundu B, mababu ali pa breaker ina.

Mzere wa mafani 3 unali pa regulator ya masitepe 4 a liwiro, ya makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi kochepa) mkati, yolembedwa 100 W. Mzere wa mafani 5 unali pa dimmer, chochepetsera kuwala kwa mababu, yolembedwa 400 W, ija umayamba waikankha kuti iyake kenako n'kumapotokola. Ziwirizi zinali moyandikana m'bokosi limodzi, mawaya otsala atapindidwira kumbuyo kwake mothinana. Pulasitiki wa dimmer anali atachita bulauni n'kutupa pakati, ndipo polowera waya panali mwaye.

"Dimmer imeneyi inabwera bwanji apa, bambo?" ndinafunsa.

"Panali inzake ya iyi, amisiri, koma inapsa kalekale. Ndiye amene anabwera kudzakonza anati tiikepo yaikulu yoti isadzapsenso. Anawerengera ine ndikuona. 75 kuchulukitsa ka 5 ndi 375. Iyi ndi ya 400. Anati malo alipo."

"Nanga atatuwa amayenda bwanji?"

"Aa, amenewo ndi okalamba. Pa 1 ndi pa 2 sayenda. Pa 3 amachita ngati akufuna. Timangoika pa 4 basi."

Liwu lakuti okalamba ndi limene linandisocheretsa.

Theka la tsiku pamakwerero

Fani ikafooka, mmisiri aliyense amayamba waganizira kapasita ya pamota, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Mota ya fani ya kudenga ili ndi makoyilo awiri. Kapasita imachititsa kuti magetsi a m'koyilo imodzi asayendere pamodzi ndi a m'koyilo inayo, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumakankha mota kuti izungulire. Kapasita ikatha, fani imalefuka, ena mpaka amachita kuiyambitsa ndi ndodo ya tsache. Choncho nditatseka breaker, kutsimikiza ndi mita kuti waya wafa, ndinakwera. Fani yoyamba, kutsegula, kutaya magetsi otsalira m'kapasita, kuyeza. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi. Makapasita onse atatu anali a 2.5 µF (muyeso wa kukula kwa kapasita), ndipo onse anayeza mkati mwa 5 peresenti imene wopanga amalola. Mabering'i anali ofewa. Makoyilo anali kuyeza mofanana pa mota zonse zitatu.

Ndikutsika kachitatu, khosi litawawa, mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anafunsa ali chigwirire makwerero: "Bwana, ngati ndi makapasita, bwanji pa 4 akuthamanga ngati atsopano?"

Ndinakhala chete. Fani ya kapasita yotha imafooka pa masitepe onse, ngakhale pa yomaliza. Awa pa 4 anali kuulutsa mapepala patebulo. Funso limenelo ndinayenera kudzifunsa ndekha ndisanakhudze makwerero, ndipo yankho lake linali m'mawu a bambo aja kuyambira pachiyambi.

Kuyesa koyenera kunatenga mphindi 20. Tinachotsa mafani awiri pa mzere n'kusiya imodzi: inayenda bwino pa masitepe onse anayi, pa 1 ikupereka kamphepo kabwino. Titabwezera yachiwiri, pa 1 mapiko anayamba kukwawa. Titabwezera yachitatu, pa 1 ndi pa 2 zii.

Chifukwa chake regulator ya makapasita ndi ya fani imodzi

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa amisiri ambiri amadziwa lamulo loti fani imodzi regulator imodzi koma amaliyesa nzeru za wogulitsa zofuna kuti tigule ambiri.

Nditatsegula regulator ija ndinapeza makapasita awiri, ya 2.2 µF ndi ya 3.3 µF. Pa sitepe 1 magetsi amadutsa mu ya 2.2 asanafike ku fani, pa 2 amadutsa mu ya 3.3, pa 3 amadutsa mu onse awiri pamodzi kukhala 5.5, ndipo pa 4 makapasita amalambalalidwa, magetsi n'kupita ku fani mwachindunji. Regulator yotere siidziwa kuti ikutulutsa ma volt angati. Imangogawana ma volt ndi chimene chalumikizidwa kutsogolo kwake, ndipo gawo la aliyense limadalira kukaniza kwake. Pa 50 Hz kapasita ya 2.2 µF imakaniza ngati ma ohm 1447, ya 3.3 ngati 965, onse pamodzi ngati 579. Fani imodzi ya 0.35 A pa 230 V tingaitenge ngati ma ohm 657. Uku ndi kuwerengera kwapamwambamwamba, chifukwa kukaniza kwa mota kumasintha ndi liwiro, koma kumakwana kuonetsa chimene chikuchitika.

Fani ikakhala imodzi, pa sitepe 1 imalandira ma volt pafupifupi 95, pa 2 pafupifupi 130, pa 3 pafupifupi 173. Ndi mmene wopanga anakonzera. Ukaika atatu pamodzi kukaniza kwawo kumatsika kufika pa ma ohm 219, kapasita ili yomweyo, ndiye kapasita imatenga pafupifupi zonse. Pa sitepe 1 mafani amatsala ndi ma volt 34, pa 2 ma volt 51, pa 3 ma volt 81. Taonani nambala yomalizayo: mafani atatu pa sitepe 3 akulandira zochepa kuposa zimene fani imodzi imalandira pa sitepe 1. Mita yanga inasonyeza manambala oyandikira amenewa. Tsono mphamvu yopotokola ya mota yotere siitsika mofanana ndi ma volt, imatsika ngati ma volt kuchulukitsa ndi iwo okha. Pa ma volt 95 mota imatsala ndi pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu yake, yokwana kuyendetsa mapiko pang'onopang'ono. Pa ma volt 34 imatsala ndi 2 peresenti, yosakwana ngakhale kugonjetsa girizi wa m'bering'i.

Vutoli silikhudzana ndi ma watt olembedwa kumbuyo. Ngakhale swichi ya mkati ikanakhala yolimba ngati ya chitofu, masitepe apansi akanafabe. Malire a regulator ya makapasita ndi chiwerengero cha mafani, ndipo chiwerengerocho ndi 1 pokhapokha wopanga atalemba zina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona ngati chisomo. Mafani atatuwa ataima pa sitepe 1 sankapsa, chifukwa kapasita yomweyo inali kuchepetsa magetsi odutsa, fani iliyonse kulandira ma amp pafupifupi 0.05 okha. Ngozi inali pa sitepe 4, pomwe aliyense ankaganiza kuti zili bwino. Pamenepo ma amp 1.05 onse ankadutsa pa tizitsulo tating'ono ta swichi topangidwira fani imodzi. Kutentha kwa pamalo pokhudzana zitsulo kumakwera ngati ma amp kuchulukitsa ndi iwo okha, ndiye ma amp ochuluka katatu amatenthetsa ka 9. Tizitsuloto tinali takuda, todyekadyeka. Inzake ija imene inapsa kalekale inasenza mafani 5, kutentha kochuluka ka 25. Palibe chodabwitsa kuti inayamba ndiyo kupita.

Mnyamata uja anafunsa ngati sitingangoikamo makapasita aakulu katatu. Pa pepala zimatheka: 6.6, 9.9 ndi 16.5 µF. Koma sangakwane m'bokosi la pakhoma, swichi ikhala yomwe yofookayo, ndipo tsiku limene fani imodzi idzachotsedwe kuti ikakonzedwe liwiro la otsalawo lidzasintha lokha. Ine sindipanga zimenezo m'nyumba ya munthu.

Dimmer, ndi masamu olondola a funso lolakwika

Dimmer imagwira ntchito mosiyana kotheratu. Mkati muli triac, swichi yopanda zoyenda, imene imadula gawo la theka lililonse la funde la magetsi (magetsi a m'nyumba amakwera ndi kutsika ngati funde), ka 100 pa sekondi pa 50 Hz. Ukapotokola ukusintha kuti idule gawo lalikulu bwanji. Siigawana ma volt ndi mafani ngati kapasita, ndiye mafani asanu amamva kupotokola mofanana ndi fani imodzi. N'chifukwa chake mmisiri uja ataiika aliyense anakondwa: mzere umene unali wovuta unayamba kumvera.

Cholakwika choyamba chinali kuwonkhetsa ma watt. Triac siimva ma watt, imamva ma amp. Babu lakale la waya wowala likalembedwa 400 W pa 230 V limakoka ma amp 1.74, ndipo amenewo ndiwo malire enieni a dimmer ija. Mota imakoka ma amp ochulukirapo kuposa mmene ma watt ake akusonyezera, chifukwa gawo lina limangopita ndi kubwerera m'makoyilo osagwira ntchito. Pa mota palembedwa 0.35 A. Kuchulukitsa ka 5 ndi 1.75 A. Malo aja ankati alipo, panalibe ndi pang'ono pomwe. Ndipo izi ndi pamene mafani afika kale pa liwiro lawo. Poyamba kuzungulira mota imakoka zoposa pamenepo, ndipo chifukwa mapiko a fani ya kudenga ndi aatali ndi olemera, kuyambako kumatenga masekondi angapo, asanu onse nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kutentha. Triac ikamagwira ntchito imataya pafupifupi volt imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye pa ma amp 1.75 imatulutsa kutentha kwa ma watt ngati awiri. Zikumveka zochepa, koma ndi m'kabokosi kotseka, kokwiriridwa m'khoma, kodzaza mawaya, pambali pali regulator ina imene tizitsulo take tikutenthanso. Nambala imene wopanga amalemba ndi ya dimmer yokhala yokha, yopuma bwino. Ukaika ziwiri kapena zitatu m'bokosi limodzi, opanga amalamula kuti uchepetse katundu, ndipo kuchuluka kwake amakulemba pa kapepala kaja timataya pamodzi ndi katoni.

Chachitatu ndi chimene chimathetsa nkhani, ngakhale dimmer ikanakhala ya 1000 W. Triac ikayaka siizima mpaka ma amp afike pa ziro. Pa babu ma amp ndi ma volt amafika pa ziro nthawi imodzi. Pa koyilo ma amp amatsalira m'mbuyo, ndiye triac ikamazima ma volt amakhala atakwera kale mbali inayo, n'kuigwera mwadzidzidzi. Dimmer ya mababu sinakonzedwere zimenezi. Ikhoza kuyaka nthawi yolakwika, kapena kudula theka lina la funde mosiyana ndi linzake, ndipo zikatero mota imalandirako magetsi oyenda mbali imodzi. Magetsi oterowo sazunguliritsa kanthu, amangowotcha koyilo. Zowongolera liwiro za triac zopangidwira mafani zili ndi kapasita ndi resistor (kachipangizo kokaniza magetsi) zotetezera triac ku kugwedezeka kumeneku, zili ndi kasikuluwu koikira liwiro lotsikitsitsa kuti fani isaime, ndipo zambiri ukaziyatsa zimayambira pa liwiro lalikulu kenako n'kumatsika. Dimmer ilibe kasikuluwu ka ntchito imeneyo. Imatsika mpaka pafupi ndi ziro, chifukwa babu silivulala nazo.

Usiku umene fani inapsa

Zimene zinachitika tinazilumikiza kuchokera kwa bambo aja ndi zimene mota inationetsa. Madzulo kunali msonkhano. Amene anatseka holo sanali wozolowera. Anapotokola dimmer mpaka pansi, anaona mapiko akuchepa liwiro, anaganiza kuti akutha mphamvu monga fani imachitira ikazimitsidwa, n'kukhoma zitseko. Sanaikankhe kuti izime. Mafani anayi anagona akukwawa ndi kung'ung'udza. Yachisanu, imodzi ya kutsogolo ija, inali ndi bering'i youma, ndiye inaima.

Mota yoima magetsi akulowa imasandutsa zonse zimene ikulandira kukhala kutentha, ndipo fani ya kudenga imadziziziritsa ndi kuzungulira kwa thupi lake lomwe. Kumbali ya makapasita kunali choletsa ma amp, kuno kunalibe. Nditaitsitsa n'kutsegula, vanishi wa makoyilo anali wakuda, wophwanyika ukamukanda ndi chikhadabo, koyilo imodzi itaduka mkati. Maonekedwe amenewo si a usiku umodzi. Amisiri a mota ali ndi lamulo la pakamwa loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wa vanishi umatsika ndi theka. Mota iyi inakhala ikuphikidwa pang'onopang'ono kwa miyezi, nthawi iliyonse dimmer ikatsitsidwa, ndipo usiku umenewo unangomalizitsa.

Mota zina 7 ndinaziyeza ndi mita ya 500 V pakati pa makoyilo ndi thupi, kuona ngati magetsi sakudutsira ku thupi la mota. Zonse zinapitirira kutali 1 MΩ (ma ohm 1 miliyoni) imene ndi malire otsikitsitsa ovomerezeka pa dera la magetsi otere. Waya wa m'khoma anayezanso bwino, kupatula masentimita ochepa a kumapeto m'bokosi, omwe chikopa chake chinali chitauma, ndipo ndinawadula.

"Nanga breaker ija ntchito yake n'chiyani, amisiri?" Bambo aja anafunsa mokhala ngati yawapusitsa.

Sinawapusitse. Mafani onse 8 amakoka ma amp 2.8, breaker ndi ya 10. Malinga ndi muyezo wa IEC 60898, breaker ya 10 A iyenera kusenza ma amp 11.3 kwa ola lathunthu osagwa, ndipo pa 14.5 ndi pomwe iyenera kugwa ola lisanathe. Kugwa kwa nthawi yomweyo, pa mtundu B, kumafuna ma amp apakati pa 30 ndi 50. Breaker imeneyo ikulondera waya wa 1.5 mm², ndipo wayayo sanavutike ndi kamodzi komwe. Dimmer ikanatha kusungunuka yonse breaker ili phee, mpaka mawaya awiri atakhudzana.

Kusankha chokonzera

Njira imene ndimaikonda ndi regulator ya makapasita pa fani iliyonse. Siilira, siitentha, ndipo fani imodzi ikavuta zinzake sizidziwa n'komwe. Koma apa pakanafunika mawaya 8 otsikira kukhoma m'malo mwa awiri, paipi ya m'khoma ndi yopapatiza, denga ndi lotseka. Komanso eni ake ananena zomveka: holo imagwiritsidwa ntchito ndi anthu osiyanasiyana, ndipo palibe amene adzaime pakhoma kupotokola zinthu 8.

Chowongolera cha triac chopangidwira mafani, cha 3 A, chikanakwana pa ma amp ndipo n'chaching'ono. Ndinachikana chifukwa cha makutu. Funde lodulidwa limachititsa mota kulira kuti mmm pa liwiro lotsika, ndipo mafani asanu akamalira pamodzi m'chipinda choti anthu amvetsere munthu mmodzi, wina adzadandaula. Kudula kwadzidzidzi kumeneko kumathanso kulowa m'mawaya a maikolofoni n'kumveka m'masipika. M'nyumba yosungira katundu kapena mogwirira ntchito za phokoso ndikanachiika osaganiza kawiri.

Tinasankha zowongolera za thiransifoma za masitepe 5, chimodzi pa mzere uliwonse. Thiransifoma imatsitsa ma volt osawononga maonekedwe a funde, ndiye mota siilira. Chachikulu n'chakuti sitepe iliyonse imatulutsa ma volt ake pafupifupi omwewo kaya kutsogolo kuli fani imodzi kaya asanu, kusiyana ndi kapasita ija. Malire ake ndi ma amp basi, ndipo amalembedwa poyera. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yaikulu, yolemera, siilowa m'bokosi la swichi, imafuna kukhomedwa pakhoma pamalo popita mphepo.

Posankha kukula, ine sindidzaza chowongolera kupitirira 80 peresenti ya zolembedwa. Limeneli ndi lamulo langa la ntchito, losiyira malo kuyamba kwa mota ndi masiku otentha. Ma amp 1.75 kugawa ndi 0.8 ndi pafupifupi 2.2, ndiye mzere wa mafani 5 unafuna cha 3 A. Mzere wa mafani 3 ukanakwana ndi cha 1.5 A, koma ndinaikanso cha 3 A, chifukwa holo imene inawonjezerapo mafani kamodzi osafunsa idzawonjezeranso. Pa 80 peresenti, cha 3 A chimasenza ma amp 2.4, kutanthauza mafani 6 a mtundu uwu. Ndinalemba ndi cholembera chosafufutika pa chivundikiro chilichonse: mafani osapitirira 6, iliyonse 0.35 A. Ndinalemba ma amp dala, osati ma watt. Fani yomweyo ya 75 W m'mayiko a magetsi a 120 V imakoka ma amp opitirira 0.6, ndiye chowongolera cha nambala yomweyo kumeneko chimasenza pafupifupi theka la mafani. Amene wazolowera kuwerenga ma amp pa mota sasokonezeka kulikonse angapite.

Fani yatsopano imene sinaloledwe pa mzere

Tsiku loika zinthu, bambo aja anandilandira ndi katoni m'manja, nkhope ikuwala. Anali atagula fani yolowa m'malo mwa yopsa ija, yabwino kuposa zonse, ya mota ya DC, ya remote, yosadya magetsi. Zinandivuta kuwauza kuti siingakwere pamenepo. Fani yotere ili ndi kabolodi kake mkati kamene kamasintha magetsi ndi kuwongolera liwiro, ndipo kamafuna ma volt athunthu nthawi zonse. Ukaidyetsa magetsi otsitsidwa, kaya ndi thiransifoma, triac kapena kapasita, liwiro silimvera pakhoma, ndipo kabolodiko kakhoza kuzimazima kapena kufa. Zilinso chimodzimodzi ndi fani wamba imene aiika cholandirira remote pamwamba pake. Ngakhale fani ya kachingwe kokoka imafuna kuti kachingweko kasiyidwe pa liwiro lalikulu ngati pakhoma pali chowongolera, apo ayi makapasita ake a mkati amawonjezera kutsitsa pa kutsitsa.

"Ndiye ndataya ndalama, amisiri?"

"Simunataye, bambo. Mu ofesi mwanu muja mulibe fani."

Tinaipachika mu ofesi pa swichi wamba. Pa mzere tinaikapo fani ya mtundu wofanana ndi zinzake, chifukwa mafani okhala pa chowongolera chimodzi amafunika kufanana: osiyana kukula amayamba pa ma volt osiyana, ndipo yolemera imatha kuima zinzake zikuyenda, monga zinachitikira usiku uja.

Kuyesa

Kuyesa kumene ndimakuona kofunika kwambiri ndi kumene ambiri amakudumpha. Fani yomwe ikuyenda kale ukaitsitsira pa sitepe 1 imapitiriza, koma funso ndi lakuti ikhoza kuyamba yokha pa sitepe 1 itaima ndii? Tinazimitsa, kudikira mapiko onse aime, n'kuyatsa pa 1. Mzere wa atatu unayamba wonse. Pa mzere wa asanu imodzi inazengereza, inzake ya yopsa ija, yopachikidwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi. Bering'i yake inali itayambanso kuuma, tinaisintha. Thiransifoma inali ndi potulukira pena potsala, ndiye ndinakweza sitepe yotsikitsitsa pang'ono kuti pasadzakhale fani yoima magetsi akulowa ngakhale girizi atadzalimba. Tinabwereza kuyesako katatu.

Kenako tinasiya zonse pa liwiro lalikulu kwa maola awiri, ndi maola ena awiri pa sitepe yapakati. Ma amp pa mzere uliwonse anagwirizana ndi zolembedwa pa mota. Mabokosi a thiransifoma anali ofunda, oti dzanja likhoza kukhalapo osachotsa. Ndinayezanso waya wa earth kuchokera pa thupi la fani iliyonse ndi pa mabokosi achitsulo atsopanowo, ndipo ndinamanganso masikuluwu onse a mawaya zinthu zitatentha n'kuzizira. Bokosi lakale la pakhoma tinalisandutsa polumikizira chabe, n'kulitseka ndi chivundikiro chopanda bowo. Zowongolera zatsopanozi zili ndi malo olembedwa 0 amene amadula magetsi kwenikweni, ndi kanyali koyaka zikakhala kuti zili moyo, ndiye wotseka holo akhoza kuona ali pakhomo.

Kalangizo kamodzi kwa amene akuyeza dera limene lidakali ndi triac: mita wamba imayerekeza kuti funde ndi losalala, ndiye pa funde lodulidwa imanama. Pamafunika mita yolembedwa True RMS.

Patatha milungu 6

Ndinadutsako ndikuchokera ku ntchito ina. Fungo kulibe, masikuluwu ali olimba, mabokosi ali ofunda monga tsiku lija. Bambo aja anandiuza kuti anthu tsopano amakonda sitepe 2, imene kale samaidziwa n'komwe kuti ilipo, ndipo mapepala a oyankhula anasiya kuuluka.

Ndikunyamula chikwama anatulutsa kapepala m'thumba la malaya.

"Amisiri, akuluakulu akufuna awiri ena kumbuyo kuja. Ndawauza kuti ayembekeze ndifunse kaye. Ndaona kuti apite ku mzere wa atatuwu, akhale asanu. 0.35 kuchulukitsa ka 5 ndi 1.75. Mwalemba kuti osapitirira 6. Ndalakwitsa?"

"Simunalakwitse, bambo. Koma akhale ofanana ndi anzawo."

"Opanda remote," anatero, akupinda kapepala kaja.